Amayi Anasankha Wachisamba

Hanoi, 14 Ogasiti 2005

Bambo ndi Amayi,

Ndani kwenikweni anaika lamulo loti akulu akamakamba za ukwati, mwana azingothira tiyi n'kutuluka? Ndawerenga za mabanja a m'mayiko anayi, lamuloli ndalipeza konsekonse, koma amene analiyambitsa sindinamupeze. Aliyense amangoti ndi mmene zimakhalira. Ine ndatopa nalo. Mundikhululukire, lero sindituluka.

Moni nonse. Ndikhulupirira kuti bondo la Bambo laleka kuvuta ndiponso kuti madzi sanafike m'munda wa zipatso za longani. Ine ndili bwino, kungoti kuno kukutentha moti usakhale m'nyumba, usakhale panja.

Dzulo ndinaimba foni pagolosale ya a Muoi kuti akuitaneni. M'malo mokuitanani anayamba kundiyamikira. Ati mwayi wagwera banja lathu, mng'ono wanga Lua anapita ku Saigon ndi Mayi Bay kukaonedwa ndi amuna a ku Korea, ndipo alipo amene amukonda. Nkhani ya mng'ono wanga wobadwa naye ndikuimva kwa wogulitsa sopo.

Kodi mwaiwala chimene munanditumira kuno? Chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi ndikuphunzira za Akorea, Atchaina ndi Ajapani, mabanja awo, ndale zawo, mmene amaikira akufa awo. Kafukufuku wa digiri yanga yachiwiri ndi wa atsikana a kwathu komweko amene akukwatiwa ku Korea. Pachilumba ponse palibenso wina wowerenga Chikorea. Koma inu mwakafunsa nzeru kwa Mayi Bay, amene pa Chikorea chonse anatolapo moni, zikomo ndi mitengo ya zinthu.

Musasayine kanthu. Mundilembere msanga: dzina la munthuyo, zaka zake, kwawo, ntchito yake, ndiponso kuti ndi wachingati kubadwa. Musandibisire.

Mwana wanu,
Thoa


Kuchilumba, 24 Ogasiti 2005

Mwana wanga Thoa,

Tili bwino. Bambo ako awerenga kalata yako, aipinda, apita kumunda. Ati poti iwe sutuluka, atuluka ndi iwo. Ndiye ndikuyankha ndine, upirire nazo zilembo zanga zokhotakhota.

Dzina lake ndi Bambo Yun. Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, amalima maapozi kumapiri kufupi ndi mzinda wina wotchedwa Andong. Sasuta, mano ake onse alipo, ndipo atandiona anawerama mpaka ndinachita manyazi.

Wafunsa kuti ndi wachingati kubadwa. Apo pokha, mwanawe, sunanditsogolere. Mayi Bay anabwera ndi zithunzi za amuna atatu amene anamukonda Lua. Bambo ako ankafunsa za minda ndi magalimoto. Ine ndinafunsa funso limodzi basi, lomwelo lako. Panali wina wooneka bwino, wachinyamatako. Atangoti ndi mzime, ndinavundikira chithunzi chake.

Ine ndinakwatiwa ndi mzime, iwe unakulira m'nyumba yake, ukudziwa. Akulu a bambo ako onse anakwatira n'kukamanga zawo. Nyumba ya makolo, guwa la mizimu ndi nkhalamba ziwiri zinatsalira mzime monga mwa mwambo, ndiye kuti zinatsalira ine. Agogo ako aakazi ndinawasambitsa zaka zisanu ndi zinayi ali chigonere. Sadaka za makolo zisanu ndi ziwiri pachaka, iliyonse abale odzaza bwalo. Akazi a azilamu anga amabwera atavala zoyera, amayatsa lubani, amadya, amati msuzi wachepa mchere, kenako amalongedza mikate ya mpunga m'madengu n'kukwera mabwato awo. Ine ndimatsala ndi mbale. Manja angawa sanabadwe chonchi.

Ndinalumbira pa guwa lomwelo kuti mwana wanga wamkazi sadzakwatiwa ndi mzime. N'chifukwa chake ndinamukana Nghia, mwana wa a Tam, ngakhale Lua analira mwezi wathunthu. Mnyamata wabwino, wakhama, koma mzime, ndipo amayi ake manja ayamba kale kunjenjemera.

Bambo Yun ndi wachisamba pa ana aamuna atatu. Bambo awonso anali achisamba, agogo awo chimodzimodzi. Mayi Bay ati ndi mzere wa achisamba okhaokha. Ndinati ameneyu ndiye. Adzatuluka n'kukamanga yake, za guwa aziona mng'ono wake wotsiriza ndi mkazi wake, amene ndikumumvera kale chisoni.

Choncho mtima pansi. Amayi ako sanapite patali ndi sukulu, koma sanagone. Ndakutumizira nsomba zouma ndi mwana wa a Muoi amene akukwera sitima. Uzidya.

Amayi ako


Hanoi, 2 Sepitembala 2005

Amayi,

Nsomba zafika. Moni kwa Bambo. Ndikulemba msangamsanga, chifukwa mwalakwitsa chinthu chimene ngakhale wophunzira wa chaka choyamba kuno salakwitsa.

Mwambo woti mzime ndiye amatsala ndi nyumba ndi wathu wa kumwera kokha. Ngakhale kuno kumpoto, m'dziko lathu lomwelino, guwa limapita kwa wachisamba. Ku Korea ndiye n'kopambana. Wachisamba satuluka. Azing'ono ake ndiwo amapita kumizinda, iye amatsala ndi makolo mpaka awaike. Ndipo wachisamba wobadwa kwa wachisamba wa wachisamba amasunga makolo a mibadwo inayi, amuna ndi akazi awo, m'malo mwa fuko lonse. Ku Andong n'kumene mabanja oterewa anatsala ouma gwa ngati nsungwi yakale. Ndinalembapo mayeso pa zimenezi ndipo ndinakhoza kuposa onse.

Taganizani. Munthu wa munda wa maapozi, wosasuta, wa mano onse, wafika bwanji zaka makumi anayi osakwatira? Akazi a kwawo akangomva kuti ndi mwana wotani, amathawa osatsanzika. Ndiye anakwera ndege kukafuna akazi amene sakudziwa, ndi azimayi awo amene sakudziwa.

Mayi Bay ndi dobadoba. Akudziwa zonsezi ndipo anakuyang'anani mukuseka osanenapo kanthu. Umbuli umenewu ndi umene amadyerapo. Mwatengera mwana kumsika ngati nkhumba, osafunsa n'komwe kumene akaphedwere.

Ndikanabwera ndekha, koma pakati pa mwezi uno kukubwera aphunzitsi a ku Seoul kudzasankha ophunzira awiri okaphunzira kwawoko. Mwayi umenewu ndaudikira zaka zonsezi. Ndikapita, ndikalemba zinthu zoti malamulo a madobadoba asinthe, apulumuke atsikana zikwi, osati Lua yekha. Pakadali pano ndasiya uthenga kwa a Muoi woti muimitse zonse. Chitani zimene ndanena.

Thoa


Kuchilumba, 28 Sepitembala 2005

Thoa,

Tili moyo. Madzi akwera chaka chino mpaka pakhonde, ndipo wapositi anakhala nthawi osawoloka. Kalata yako yafika itanyowa, ukwati utachitika kale ku Saigon. Koma usadandaule kuti mawu ako anachedwa. Uthenga umene unasiya kwa a Muoi unayenda tsiku lomwelo. Unalowa m'nyumba iliyonse ya m'mbali mwa mtsinje usanafike kwathu, ndipo unafika utavala zovala zina. Akuti Thoa wa ku Hanoi akulira pa foni chifukwa mng'ono wake wamupitirira, iye adakali mbeta.

Kalatayo ndinawawerengera amayi ako yonse. Sindinadumphe mzere, ngakhale wa nkhumba uja. Tsiku limenelo sanadye.

Komabe poti ndiwe wophunzira, ndinatenga mawu ako kupita nawo kwa Mayi Bay. Anaseka. Ati mabuku amenewo analembedwa nthawi ya mafumu, Korea ya lero anthu amakhala m'nyumba zosanja ndipo okalamba ali ndi malo awoawo. Mayi Bay anapitako kawiri. Iwe unapitako kangati?

Madzi amachokera kumtunda kutsikira kumunsi, nyumba nayo imatsikira kwa wotsiriza. Akulu amakula n'kuuluka, wamng'ono ndiye amapezeka pafupi makolo akamatha mphamvu. Zimenezi sizifuna digiri. Ngati a kumpoto amachita zina, ndi zawo, ndipo ndikuona kuti wakhalitsa kumeneko mpaka wayamba kuganiza ndi mutu wawo.

Tinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire za anthu. Sindinkadziwa kuti amaphunzitsanso kutukwana amene anakubereka. Lua akudikira mapepala a ulendo. Nkhaniyi yatha. Ukamalemba, lemba za umoyo wako.

Bambo ako


Can Tho, 30 Okutobala 2005

Achemwali,

Nkhumba yanu ikupereka moni. Ili bwino, ikudya, ikudikira chiphaso pamodzi ndi zinzake m'nyumba ya Mayi Bay, kumene tikuphunzira kugwada ndi kuphika kabichi wa tsabola.

Mwina mukunena zoona. Inu mayeso simulephera. Koma tandiuzani, ndikakana lero ndilowera kuti? Nghia anakwatira mtsikana wa ku Sa Dec mwezi wa Meyi, ndinaona bwato lawo likudutsa ndili kuchapa. Mphete ndavala, pachilumba ponse adya phwando langa. Ndibwerere kukathyola longani, akazi a padoko azinditcha mkazi wa ku Korea amene sanaone Korea?

Pamene Amayi ankamukana Nghia, inu ndi mabuku anu munali kuti? Ndinakulemberani ndikulira. Munandiyankha kuti ndisathamangire amuna, ndiziwerenga.

Tsiku la ukwati uthenga wanu wa pa foni unkandizungulira m'mutu, ndiye ndinalimba mtima n'kuwafunsa amuna anga ngati tidzakhale ndi amayi awo. Mayi Bay ndiwo ankamasulira. Amuna anga analankhula nthawi yaitali, nkhope ili pansi, akuwerenga zala, dzanja limodzi kutha, n'kuyamba linzake. Atamaliza, Mayi Bay anati, "Akuti kwa kanthawi kochepa." Ndinaona kuti mawu ochuluka chonchija sangakwane m'kachiganizo kameneko. Inu mukanakhalapo mukanamva zimene ananena. Simunalipo.

Ndege inyamuka pa 9 Disembala. Bwerani ku Saigon mudzandiperekeze, sindikusungirani mkwiyo. Mudzandiphunzitse kunena kuti ndatopa ndi kuti ndikudwala. Kuno akungotiphunzitsa inde ndi zikomo.

Koma n'zoseketsa, eti? Zaka zonsezi inu mukuwerenga za Korea, woyamba kukapondako ndine wolekezera sukulu panjira. Ndikakuuzani ngati mabukuwo sananame.

Mng'ono wanu,
Lua


Hanoi, 15 Januwale 2006

Lua,

Moni mng'ono wanga. Keyala yako ndaipeza kwa Bambo, anangoilemba pakapepala popanda moni. Kodi wafika bwino? Kukuzizira bwanji?

Pabwalo la ndege sindinabwere, ukudziwa. Mayankho a ku Seoul ankatuluka mlungu womwewo ndipo ndinkayenera kukhala pafupi. Anatuluka. Asankha anyamata awiri, wina amalemba za mafakitale a magalimoto, wina za ndale za pakati pa kumpoto ndi kumwera kwa Korea. Za akwatibwi a kumidzi ati ndi nkhani yabwino koma yaing'ono. Ndinatuluka m'chipindamo ndikufuna kuswa china chake. Dziko lino limayenda ngati njati yokalamba, ndipo aliyense amati dikira.

Aphunzitsi anga nditawafotokozera za iwe, anandiuza kuti wofufuza amaona n'kulemba, salowerera. Kenako anati popeza sindipita ndekha, iwe ukhoza kukhala maso anga kumeneko. Zinandinyansa, koma nditaganiza ndinaona kuti ukafotokoza bwinobwino, ndidzakhala ndi umboni umene sangautche waung'ono. Ndiye ndaika mafunso papepala linalo. Uyankhe onse, usachite manyazi, dzina lako ndidzalisintha.

Mawu aja unapempha ndawalemba kumunsi kwa mafunsowo.

Mkulu wako,
Thoa


Kuchilumba, 20 Epulo 2006

Mwana wanga Thoa,

Moni. Chaka Chatsopano sunabwere, malo ako patebulo anakhala a mphaka. Uli bwanji? Ukudya? A Muoi akuti mawu ako pa foni akumveka ngati a munthu wowonda.

Za nkhumba zija ndakukhululukira. Unali ndi nkhawa ndi mng'ono wako, ndipo pakamwa pako panatengera kwa bambo ako. Tsopano imva nkhani yabwino. Lua amaimba foni kamodzi pamwezi. Ati wanenepa, apongozi ake amamukonda moti amupatsa makiyi a nyumba yonse. Akadali nawo okalambawo, koma ndi kwa kanthawi, akudikira kukolola kaye. Watumiza chithunzi ataima m'munda wa maapozi, atavala jasi lofiira, chipale chofewa chili mbuu. Ndachiika pafupi ndi wailesi. Ndikatopa ndi mbale ndimachiyang'ana n'kunena kuti mmodzi yekha ndinamutulutsa.

Ukanaona mmene akazi a pachilumba akundilemekezera. Amene ali ndi ana oti apite kwa Mayi Bay amayamba adzera kuno. Ndimawauza kuti asiye za magalimoto, afunse funso limodzi lija. Azakhali ako a Nam anabwera ndi zithunzi zinayi za amene akufuna mwana wawo Tham. Ndinawasankhira ndekha wachisamba, mlimi wa tsabola. Mwamunayo abwera mu Juni kudzaonana ndi Tham ndi kusayina, ikangotha sadaka ya agogo ako aamuna.

Sadakayo ubwere. Msana wanga chaka chino sukufuna zowerama, ndipo mlongo wako Khoi, mzime wathu, adakali ku usilikali. Mkazi amene adzamupeze ameneyo ndidzamuuziratu zonse asanalowe pakhomo pano. Bwera udzandikulungire mikate, za mabuku tisakambe.

Amayi ako


Andong, 11 Meyi 2006

Achemwali,

Moni. Mafunso anu ndinawalandira kalekale. Ndinang'amba kumunsi kokha kumene kunali mawu aja, kwinako ndinayalira pashelefu ya mbale. Mawu oti ndatopa ndimawadziwa tsopano, koma sindinapeze womuuza.

Mabuku anu sananame. Mwakhozanso.

Mlungu woyamba apongozi ananditengera kuseri kwa nyumba. Kuli kanyumba kakale ka denga la matailosi, m'kati muli timatabwa ta mayina a makolo. Anandiika makiyi m'manja n'kuyamba kulira. Ndinkayesa akulira chifukwa chokondwera nane. Ankalira ngati munthu amene watula mtolo umene wausenza zaka makumi anayi. Kuyambira pamenepo msana wawo unagonja, tsopano ndimawadzutsa ndine, kuwasambitsa ndine.

Sadaka ndi khumi ndi ziwiri pachaka, ukaphatikiza za Chaka Chatsopano ndi za nthawi yokolola. Azilamu awiri amakhala ku Daegu m'nyumba zosanja, zomwe zija ankanena Mayi Bay. Amabwera ndi akazi awo ovala bwino, onunkhira. Amagwada, amadya, amalawa msuzi n'kuyang'anana, kenako amalongedza zotsala m'galimoto. Sindimva zimene amanena, koma ndikuzidziwa. Ndinakula ndikuzimva kukhitchini kwathu.

Amuna anga si munthu woipa. Tsiku lina tikumvana ndi manja ndi mawu ochepa, ndinawafunsa zimene ankawerenga pa zala tsiku la ukwati. Ankawerenga sadaka. Anandiuza zonse, ngakhale za msana wa amayi awo, ndipo anapempha kuti ngati zandilemera ndikane. Iwo mpaka lero amayesa ndinavomera ndikudziwa, n'chifukwa chake amandilemekeza. Ndili ndi pakati miyezi inayi. Fuko lonse likupempherera mwamuna. Akakhala mwamuna, ndiye kuti kwinakwake kukubadwa mtsikana amene ndidzamuike makiyi m'manja.

Tsopano chimene ndalembera. Mwezi watha ndinalakwitsa pa guwa. Ndinathira adyo ndi tsabola m'ndiwo za makolo, poti kuno amathira m'chilichonse, ndipo nsomba ndinaiika mbali yolakwika. Mkulu wina wa fuko anatuluka osadya, amuna anga anapepesa atagwada pabwalo. Apongozi amandifotokozera koma sindimva. Mundilembere m'chinenero chathu mmene mbale zimakhalira pa guwa lawo, chiti kum'mawa, chiti kumadzulo, chiti choletsedwa. Sadaka ina ili mu Julayi. Ndi chokhachi chimene ndikupempha kwa mabuku anu.

Amayi musawauze. Anandilanda Nghia kuti andithawitse moyo umenewu, kenako anandisankhira womwewo ndi chala chawo. Akadziwa, afa akuyenda. Asiyeni ndi chithunzi cha jasi lofiira. Jasilo ndi la mkazi wa alamu anga, ndinangobwereka.

Lua


Kuchilumba, 25 Juni 2006

Lua, mng'ono wanga,

Moni, ndi kwa amene wanyamulayo. Ndikulemba ndili pakhonde la kwathu.

Choyamba chimene unapempha. Ukaima moyang'ana guwa, kudzanja lako lamanja ndiko kum'mawa, ngakhale dzuwa litatulukira kwina. Nsomba kum'mawa, nyama kumadzulo, ndipo mutu wa nsomba uloze kum'mawa. Zipatso zikhale mzere wa kufupi ndi iwe, zofiira kum'mawa, zoyera kumadzulo. Adyo ayi, tsabola wofiira ayi, mapichesi ayi. Ndajambula tebulo lonse papepala linalo. Banja lililonse lili ndi kakhalidwe kakekake, ndiye uwaonetse apongozi akonze ndi pensulo. Zaka zisanu ndi chimodzi za maphunziro, ntchito yake yoyamba ndi imeneyi, kuti mng'ono wanga azitumikira osakalipiridwa. Ndinajambula ndikutukwana.

Chachiwiri sudzandikhululukira msanga. Ndinabwera ku sadaka ya agogo nditatsimikiza kukhala chete monga unapempha. Tsiku lokulunga mikate, azakhali a Nam ndi Tham anali kukhitchini. Tham ankangoseka, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuonetsa aliyense chithunzi cha wachisamba wake. Panabweranso mayi wina wa kumunsi kwa chilumba ndi zithunzi zake m'thumba, akudikira kuti Amayi asambe m'manja. Bodza lako la jasi lofiira likukwatitsa ana a eni, Lua. Likanakhala la Amayi okha ndikanalisiya.

Sindinalankhule pagulu. Ndinadikira mpaka Amayi atapita kuseri kukatsuka masamba a nthochi pamitsuko, ndinakagwada pambali pawo n'kuyamba kutsuka nawo. Ndinawauza pang'onopang'ono, za makiyi, za apongozi, za zala za amuna ako. Sanasiye kutsuka. Tsamba limodzi analitsuka mpaka linang'ambika.

"Zingati pachaka?" anafunsa.

Ndinawauza.

"Kuposa zanga."

Anatenga tsamba lina. Ndinkayembekezera kuti alira, kapena atukwana Mayi Bay. M'malo mwake anandiyang'ana ine.

"Iwe unkadziwa."

Ndinati ndinawalembera, ndinaimba foni, ndinanena zonse.

"Unanditumizira phunziro ndi nkhumba. Ukanakwera sitima, n'kudzagwada pano ngati lero, n'kundiuza ngati mwana wanga, ndikanamva. Ine ndinalakwa chifukwa sindinkadziwa. Iwe unkadziwa, unasankha mayeso."

Ndinali ndi mayankho ambiri. Mayi Bay ndiwo ananama, Bambo ndiwo anatseka nkhani, malamulo ndiwo amalola malonda amenewa. Onse ndi oona ndipo ndidakali nawo.

Amayi anapukuta manja, analowa kukhitchini, anauza mayi wa zithunzi uja kuti abwerere kwawo, iwo sadziwa kanthu za amuna a ku Korea. Kenako anaitanira azakhali a Nam pambali. M'mawa mwake anaphikira abale onse monga mwa nthawi zonse. Akazi a abambo aakulu anati msuzi wachepa mchere. Bambo akuti ukwati ndi kupirira ndipo sakufuna kumvanso. Chithunzi chako chidakali pafupi ndi wailesi, koma Amayi akamasesa amadutsa osatukula mutu. Ine sanandilankhulenso, amangondiikira mpunga.

Azakhali a Nam sanakhulupirire zonse. Ati Korea ndi yaikulu, mwina wa Tham ndi wosiyana, ndiponso anthu amva kale za ukwatiwo. Anati akamufunse mwiniwake. Lachinayi mwamunayo anafika ku Can Tho, iwo anapita ndi Tham kunyumba ya Mayi Bay.

Aphunzitsi anga amati wofufuza amaona n'kulemba. Kope ndinalisiya pakhonde. Ndinakwera nawo bwato osaitanidwa. Mayi Bay atandiona pakhomo anati, "Aa, adokotala a ku Hanoi, mwabwera kudzasankha wanu?" Ndinati ndabwera kudzathira tiyi. Ndinathiradi, koma sindinatuluke. Ndinakoka mpando n'kukhala pakati pa Tham ndi mwamunayo, ndinamupatsa moni m'Chikorea, ndinamuuza kuti lero womasulira ndine.

Tham anafunsa funso lako lija, ngati adzakhale ndi apongozi. Mwamunayo anazolika, n'kuyamba kuwerenga zala. Mayi Bay anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera. Chala chilichonse chimene ankapinda, ndinkamuuza Tham chimene chikuwerengedwa.

Mkulu wako,
Thoa